Asanapereke manda, Yosefe adakana kuvomereza



Lero, Lamulungu la Kanjedza, tikumva nkhani yonse ya masautso a Ambuye monga adailembera Luka Woyera. Ndi nkhani yaitali, ndipo pofika kumapeto miyendo imakhala italema, ana ayamba kuvuta, ena maganizo apita kale ku ndiwo za masana. N'chifukwa chake munthu amene ndikufuna tikambe za iye amatidutsa osamuona. Amatulukira Yesu atamwalira kale, pa Luka 23:50-53. Dzina lake ndi Yosefe wa ku Arimatea.

Tonse timamudziwa ngati mwini manda. Ndiye adapita kwa Pilato kukapempha mtembo, adautsitsa pamtanda, adaukulunga m'nsalu nakauika m'manda osemedwa m'thanthwe, momwe munali musanaikidwe munthu wina. Mateyo amaonjezera kuti anali munthu wachuma, ndipo mandawo anali ake, atsopano. Kunena kwathu kuno, Yosefe ndiye adagula bokosi ndi nsalu, napereka ndi malo omwe. Pa maliro a Ambuye, wolengeza zopereka akadayamba ndi dzina lake.

Koma taonani m'mene Luka adasanjira nkhani yake. Asanatchule nsalu kapena manda, akutiuza zinthu zina. Akuti Yosefe anali mmodzi wa akuluakulu a Bwalo Lalikulu la Ayuda. Akuti anali munthu wabwino ndi wolungama. Kenaka, ngati umboni wa kulungamako, akuti iye sadavomereze zimene anzake a m'bwalomo adapangana ndi kuchita. Za manda zikubwera pambuyo.

Bwalo limenelo, malinga ndi mwambo wa Ayuda, linkakhala ndi anthu 71, ndipo linkatsogoleredwa ndi mkulu wa ansembe onse. Linkaweruza milandu ndi kuyendetsa zinthu za mtundu wawo pansi pa ulamuliro wa Aroma. Sitinganene kuti inali Nyumba ya Malamulo ngati yathu, chifukwa anthu wamba sankawavotera akuluakuluwo. Komabe pali pofanana: anali anthu ochepa okhala m'chipinda chimodzi, ndipo chimene agwirizana m'chipindamo chinkagwera aliyense kunja. Yosefe anali ndi mpando m'chipindamo, ndipo Mthenga Wabwino wasunga mbiri ya zimene adachita nawo mpandowo.

Mu 2025, pa 16 September, tidasankha mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala. Madera a aphungu adawonjezeka kuchoka pa 193 kufika pa 229. Nthawi imeneyo misonkhano idachuluka, ndipo nsalu ndi malaya a zipani ankaoneka m'misika. Funso langa n'lakuti: phungu wathu timamuyesa ndi muyeso wanji?

Yankho timalimva pa maliro. Mwambo uli mkati, wolengeza amaimirira nanena kuti Olemekezeka apereka bokosi, matumba awiri a ufa ndi galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi. Anthu amagwedeza mitu. Pobwerera kumanda mumamva wina akuti, ameneyu ndiye munthu, timubwezere. Phungu amene sanaoneke pa maliro atatu otsatizana ndiye kuti watha, kaya ku Lilongwe wakhala akugwira ntchito yotani. Tikamasimba ntchito za phungu timawerenga mabokosi, fizi ya ana, malata a tchalitchi, mipira ya achinyamata ndi mijigo. Ndani mwa ife amene anganene m'mene phungu wake adavotera pa bilu ngakhale imodzi m'zaka zapitazi? Yesani kufunsa pa Mphakati. Mupeza kuti mtundu wa galimoto yake tonse tikuudziwa.

Chikhalirecho ntchito imene tidamutuma ndi ina. Malamulo oyendetsera dziko lino amapatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu yopanga malamulo, yovomereza bajeti ndi yofunsa boma m'mene likugwiritsira ntchito ndalama za anthu. Msonkho wa VAT umene mumalipira pa katundu wambiri wa m'sitolo udadutsa m'Nyumbamo. Ndalama zimene amakudulani pa malipiro mwezi ndi mwezi zidadutsa m'Nyumbamo. Boma likafuna kukongola ndalama zambiri kunja limabweretsa bilu, aphungu navomereza, ndipo ngongoleyo adzabweza ndi ana amene lero ali m'kalasi la Ukaristia woyamba. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa adalonjeza kuti azipatula 15 peresenti ya bajeti zawo kupita ku zaumoyo. Kaya lonjezolo likusungidwa kapena ai, zimaoneka pa tsiku limene aphungu akukambirana bajeti ya unduna wa zaumoyo. Mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti mankhwala kulibe, akagule ku famase, akukolola zimene zidafesedwa tsiku limenelo. Ndipo akamwalira, phungu yemwe uja adangokhala chete pa bajeti amabwera ndi bokosi, ife n'kuwomba m'manja.

Ndikudziwa kuti kufufuza mbiri ya mavoti a phungu sikophweka. Nkhani zambiri m'Nyumba ya Malamulo zimadutsa pongofuula: Sipikala amafunsa ovomereza, amafunsa okana, namva mbali imene yamveka kwambiri. Pamenepo dzina la munthu silioneka. Koma pali nthawi zina, makamaka posintha malamulo oyendetsera dziko, pamene mavoti amawerengedwa mmodzimmodzi. Komanso zonse zolankhulidwa m'Nyumbamo zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard: ndani adafunsa nduna funso lanji, ndani adaimirira kunena za madzi a m'dera lake, ndani adatsutsa. Zokambirana zimaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Mbiriyo ilipo. Akulu adati mlandu suola.

Ndikumbutseko masiku ena amene voti ya phungu mmodzi idalemera. Pa 4 July 2002 m'Nyumba ya Malamulo mudabwera bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene munthu angakhale mtsogoleri wa dziko. Kuti idutse pankafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu. Ovomereza adalipo 125, okana 59. Idagwa chifukwa chopereweza mavoti atatu okha. Atatu! Kunja maepiskopi athu, atsogoleri a mipingo ina, maloya ndi ophunzira anali atalankhula kale, koma onsewo analibe mpando m'chipindamo. Chikhala kuti aphungu atatu okha mwa okanawo adagonja usiku wa dzulo lake, mbiri ya dziko lino ikadakhala ina. Ambiri mwa ife sitingatchule dzina la mmodzi mwa anthu 59 amenewo, ndipo palibe amene angawerenge lero mabokosi amene adagula. Chimene chidatsala ndi chakuti mpaka pano mtsogoleri wa dziko lino salamulira kupitirira materemu awiri otsatizana.

Mu February 2017 aphungu adasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Kale lamulo linkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Aphungu 131 adavomereza kusinthako, awiri adakana. Mtsikana wa ku Dedza kapena ku Nsanje amene lero ali ku sekondale m'malo mokhala pabanja mwina sanaonepo nkhope ya phungu aliyense, ndipo palibe phungu amene adamulipirira fizi. Koma tsiku limenelo adatumikiridwa.

Pali mbali ina yochititsa manyazi. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idavomereza kusintha mbendera ya dziko, kuchotsa dzuwa lotuluka lija n'kuikapo dzuwa lathunthu loyera. Nthawi yomweyo idavomerezanso kusintha gawo 46 la malamulo a milandu, kupatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala ndi zofalitsa zina. Mu 2012, utsogoleri wa dziko utasintha, Nyumba yomweyo, ya aphungu omwe adasankhidwa mu 2009, idabwezeretsa mbendera yakale ndi kufafaniza gawo 46 lija. Pakati pa mavoti awiriwo sipadachitike chisankho cha aphungu onse. Chimene chidasintha ndi munthu wokhala ku nyumba ya boma. Tsono tiziti aphungu amene adavomereza kawiri konse ankakhulupirira ziti? Izi sindikunenera chipani chimodzi. Zitsanzo zimenezi zachitika pansi pa maboma osiyana, ndipo chipani chilichonse chimene chalamulirapo dziko lino chapeza aphungu okonzeka kuvomereza chilichonse chochokera kumwamba. Buku la Eksodo 23:2 lidachenjeza kale munthu wa pabwalo kuti asatengeke ndi unyinji pochita choipa, kapena kupotoza umboni wake pofuna kukhala mbali ya ambiri.

Tibwererenso kwa Yosefe, chifukwa nkhani yake ili ndi povuta pamene sitiyenera kupalumpha. Luka akuti sadavomereze. Koma Marko 14:64 akunena kuti onse a m'bwalo adagamula kuti Yesu ayenera kufa. Nanga Yosefe anali kuti? Mwina sadaitanidwe ku msonkhano wa usiku uja. Mwina analipo, koma mawu ake adamira m'phokoso. Mwinanso adangokana mumtima, pakamwa pali gwa. Yohane akutiuza kuti anali wophunzira wa Yesu mobisa chifukwa cha mantha. Alembi a Mthenga Wabwino sadamupake utoto. Marko akunena kuti popita kwa Pilato adachita kulimba mtima, kusonyeza kuti mantha anali nawo ndithu. Kupempha mtembo wa munthu amene bwalo lako lomwe lamupereka kuti aphedwe kunali kudziulula pamaso pa anzake onse. Ndiye kuti mandawo sanali njira yogulira dzina. Anali mtengo umene adalipira chifukwa cha mbali imene adaima. Yosefe sadapindule kanthu pa maliro amenewo. Panalibe khamu lomuwombera m'manja, panali amayi ochepa ochokera ku Galileya akuyang'ana chapatali pomwe mtembo ukuikidwa.

Apa pali funso lina lofunsa phungu: kodi munalipo? Ndi kangati taona pa kanema mipando yopanda anthu pamene akukambirana nkhani yokhudza moyo wa anthu mamiliyoni? Kujomba nako ndi voti. Phungu wanzeru zake amadziwa kuti bilu yovuta ikamabwera, kudwala kapena ulendo wadzidzidzi zimamupulumutsa kwa akuluakulu a chipani ndi kwa anthu a kwao nthawi imodzi. Pilato adayesa njira yofanana ndi imeneyi ndi beseni la madzi, ndipo dzina lake timalitchulabe Lamulungu lililonse tikamanena Ndikhulupirira.

Mnzake wa Yosefe, Nikodemo, ndiye tili ndi mawu ake olembedwa. Pa Yohane 7:50-52, anzake akufuna kugwira Yesu, iye adangofunsa ngati lamulo lawo limalola kuweruza munthu asanamve mbali yake. Sadalalike, sadanene kuti Yesu ndi Mpulumutsi. Adangokumbutsa za ndondomeko. Yankho limene adalandira linali chipongwe: adamufunsa ngati nayenso ndi wa ku Galileya. Amene amatsata ndale zathu akuzindikira kayankhidwe kameneka. Munthu akafunsa funso loona, sayankhidwa funsolo, amafunsidwa kwao.

Wina anena kuti, aKatekisiti, mukulankhula ngati munthu amene sanasowepo bokosi. Bambo akamwalira usiku m'nyumba ya lendi, m'thumba mulibe kanthu, kumudzi kuli makilomita mazana atatu, Hansard ikuthandiza chiyani? Ndi funso loona, ndipo sindikunyoza aliyense amene adathamangira kwa phungu pa tsiku lotero. Kuika akufa ndi imodzi mwa ntchito zachifundo zimene Mpingo umatiphunzitsa, ndipo Tobiti adayamikiridwa chifukwa cha ntchito yomweyi. Phungu amene amalira ndi anthu ake akuchita bwino. Nehemiya, ali bwanamkubwa wa Yuda, ankadyetsa anthu 150 patebulo lake. Koma werengani mutu 5 wonse wa buku lake. Anthu atadandaula kuti apinyolitsa minda yawo ndipo ana awo akugulitsidwa ukapolo chifukwa cha ngongole, iye sadangowagawira chakudya. Adaitanitsa msonkhano waukulu, adadzudzula olemera ndi akuluakulu anzake poyera, nawalumbiritsa kuti abweze minda. Ndipo kwa zaka 12 adakana kulandira chakudya chimene bwanamkubwa ankayenera kutolera kwa anthu, poona kuti anthuwo anali atalemedwa kale. Tebulo lake linali ndi tanthauzo chifukwa cha zimene ankachita pa mpando wake. Ndikanakonda kumva phungu mmodzi akunena pa msonkhano m'mene adavotera pamene nkhani ya malipiro ndi ma alawansi a aphungu idabwera.

Vuto limayamba pamene mphatso yasanduka chophimba. Timati kupatsa n'kuika, ndipo andale amaudziwa bwino mwambi umenewu: chimene aika lero adzachitenga pa tsiku lovota. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma lamulo silingagwire ntchito pamene olandirawo ndiwo akuitanitsa. Chimodzimodzi thumba la chitukuko la CDF, limene lidayamba mu 2006. Ndalama zake ndi za misonkho yanu. Mlatho kapena chipinda chophunziriramo chomangidwa ndi thumba limeneli si chifundo cha Olemekezeka, ngakhale dzina lao litalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu. Chofunsa n'chakuti ndalama zidabwera zingati, adasankha ntchitoyo ndani, kontirakitala adapezeka bwanji, ndipo makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'dera adafunsidwa kapena ai.

Pano ndiyenera kulankhula za ife akhristu, ngakhale zisamveke bwino. Pa chikondwerero chosonkhetsa ndalama timaitana phungu kukhala mlendo wolemekezeka, osati chifukwa amadziwa kupemphera, koma chifukwa tikuyembekeza envelopu yonenepa. Kwaya ikafuna yunifolomu, kalata imapita kwa phungu. Mphakati ukafuna mipando, kalata kwa phungu. Malipiro ake, ngakhale ndi ochuluka poyerekeza ndi athu, sangakwanire maliro, maukwati ndi matchalitchi a dera lonse. Ndiye ndalamazo akazipeza kuti? Akazipeza kwa wamalonda amene mawa adzafuna kontirakiti, kapena kwa mkulu wa chipani amene mawa adzafuna voti yake pa bilu ina. Tikamamukama chotere timamugulitsa tokha kwa anthu amenewo, kenaka n'kumadabwa kuti ku Lilongwe samatiyankhulira. Pa Yohane 6, anthu atakhuta buledi adafuna kugwira Yesu kuti amulonge ufumu, Iye nathawira kuphiri. M'mawa mwake adawauza mosabisa kuti akumufunafuna chifukwa cha mimba. Yesu adatha kuthawa. Munthu wofuna mpando sangathawe, amangogula buledi wambiri.

Taganiziraninso izi. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wao nthawi yake isanathe. Mu 1995 aphungu adalichotsa gawolo, ndipo ngakhale anthu akhala akupempha, silinabwererebe. Ndiye kuti mpata wathu woweruza phungu umabwera pa tsiku lovota lokha. Ndi zoona kuti pa chisankho chilichonse aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ife timanyadira kuti tawaonetsa. Koma ngati tachotsa munthu chifukwa mabokosi ake adachepa, n'kuikapo wina chifukwa walonjeza ambulansi, phunziro limene watsopanoyo amatenga ndi lotani? Amaphunzira kuti kuwerenga mabilu ndi kutaya nthawi. Mwa amene tidawagwetsa muyenera kuti munali ena amene adagwira ntchito yeniyeni m'makomiti, momwe mulibe makamera.

Mpingo sukuuzani chipani kapena munthu woti mumuvotere, ndipo tsamba lino silichita zimenezo. Malamulo a Mpingo amaletsa ansembe kukhala pa maudindo a boma, choncho ntchito imeneyi ndi yathu, akhristu eni ake. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2240, amaika kuvota pamodzi ndi kukhoma msonkho ngati udindo wa mkhristu. Mu 2000 Papa Yohane Paulo Wachiwiri adasankha Thomas More Woyera kukhala nkhoswe ya andale. Munthu ameneyu adakhalapo Sipikala wa nyumba ya malamulo ku England mu 1523, ndipo adadulidwa mutu mu 1535 chifukwa chokana kulumbira zimene mtima wake sudavomereze, pamene akuluakulu anzake ambiri, maepiskopi omwe, adalumbira. Nafenso tili ndi mbiri yathu. Kalata ya maepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 June 1993. Makolo athu ena ali m'tchalitchi muno amakumbukira nthawi imene kufunsa phungu funso kukadakugonetsa kundende.

Tsono ndikupempha chinthu chimodzi. Zikondwerero za Pasaka zikatha, Mphakati uliwonse upatule msonkhano umodzi wokambirana nkhani imeneyi, ndipo ulembe kalata yopita kwa phungu wa dera lake. Kalatayo isapemphe kanthu, ngakhale thumba la simenti. Ifunse kuti pa zaka zimenezi adaimirira kangati m'Nyumba ya Malamulo kunena za dera lino, ndipo adanena chiyani. Ifunse komiti imene ali, ndi chimene komitiyo idachita. Ifunse ngati pali bilu imene adakana kuvomereza ngakhale chipani chake chinkaifuna, kapena imene adavomereza ngakhale idachokera mbali ina. Ifunse za ndalama za CDF chaka ndi chaka. Amene akupikisana naye tingawafunse chimodzimodzi za komwe adagwirako ntchito: m'khonsolo, m'kampani, m'bungwe, ngakhale m'komiti ya sukulu. Aliyense ali ndi bwalo lina limene adakhalapo, ndipo alipo anthu okumbukira ngati adatsegulapo pakamwa zinthu zikulakwika.

Achinyamata amene muli ndi mafoni ndipo mumawerenga Chingerezi mosavuta, thandizani makolo kufufuza zimene zidalembedwa ndi kuwamasulira. Kalatayo ilembedwe mwaulemu, isainidwe ndi wapampando ndi mlembi wa Mphakati, ndipo kope lake liperekedwe kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi. Mayankho akabwera tidzapempha Bambo Mfumu kuti asindikizidwe pa tsamba lino monga alili, osachotsa kapena kuwonjeza. Akapanda kubwera, tidzalemba tsiku limene kalata idaperekedwa ndi kunena kuti yankho silinafike.